Pulinta ikungoti offline magetsi akabwera, kodi imafuna bandulo?

Mayi ena andilembera imelo akuti anagula pulinta ya WiFi, tsiku loyamba inkasindikiza bwinobwino koma magetsi atangozima n'kuyakanso laputopu ikungoti offline mpaka lero. Ndiye akufunsa ngati pulintayo imafuna bandulo yakeyake kapena angoibweza kushopu.

Mayi musaibweze, ndipo bandulo musagule. Funso lanuli landikhudza chifukwa kwathu kuno nkhani yomweyi inatsala pang'ono kutidanitsa. Mayi akunyumba ndi aphunzitsi, ndiye teremu ikamatha amakhala ndi mapepala a mayeso oti asindikize, ndipo nthawi yake imakhala usiku magetsi akangobwera, nthawi imene nyumba yonse yasokonekera, wina akuthamangira kusita yunifomu, wina watereka madzi a nsima, ana akulimbirana soketi yotchajira mafoni. Apo kagetsi ka buluu pa pulinta kamangophethira osaima. Ikamagwira ntchito amati pulinta yathu, ikakana mumangomva "abambo, chinthu chanu chija chayambanso". Ine n'kudzuka pampando, kuzimitsa, kuyatsa, kuzula waya, kubwezera, pepala osatuluka. Kenako m'mawa aliyense atapita palibe akuifuna, imayamba yokha kulavula mapepala onse adzulo aja, tsamba lomwelomwelo kangapo poti usiku tinangodina print mobwerezabwereza ndi mkwiyo, inki n'kumathera pa zinthu zopanda ntchito.

Chimene chimachitika n'chakuti rauta, kabokosi kaja kogawa WiFi m'nyumba, imagawa manambala kwa chilichonse cholumikizidwa, aja amati IP address, monga 192.168.8.101. Magetsi akazima n'kuyaka imatha kugawanso mwatsopano, ndipo zimakhala ngati malo a mu minibasi, wafika msanga ndi amene wakhala kutsogolo. Mafoni amalumikizika msanga, pulinta imachedwa kudzuka, ndiye imapeza nambala yake ija yatengedwa ndi foni ya mwana, iyo n'kupatsidwa ina. Laputopu ikutumizabe ntchito ku nambala yakale. Basi offline imeneyo. Palibe chafa.

Za bandulozi ndinene motsindika poti anthu ambiri akuwononga ndalama. WiFi ndi intaneti si chinthu chimodzi. Pepala likamachoka pa laputopu kupita ku pulinta limangodutsa pa rauta m'nyumba mwanu momwemo, silituluka kunja, ndiye kaya bandulo yanu ya Airtel kapena TNM inatha dzana, kusindikiza kumatheka bola rauta yayaka. Data imafunika potsitsa driver (pulogalamu yoyendetsera pulinta pa kompyuta) kapena app poyamba paja. Vuto ndi lakuti ma app ena a makampaniwa amakukakamizani kutsegula akaunti musanachite chilichonse, zimene ine zimandinyansa kwabasi, munthu wagula chinthu ndi ndalama zako koma uyambe wapereka imelo kuti usindikize kalata ya ku mpingo, zoona?

Ndipo poti tayamba kudandaula, anyamata ena ogulitsa zinthuzi amachita zachidule. Amalumikiza pulinta ku hotspot ya foni yawo pa shopu pompo, kusindikiza tsamba limodzi kuti muone kuti ikugwira, inu n'kunyamula. Kufika kunyumba pulinta ikufunafuna foni ya mnyamata uja amene watsala ku tauni. Ena amakugulitsani yopanda WiFi n'komwe, mwachitsanzo Epson L3210 ilibe, imene ili nayo ndi L3250, maonekedwe ake ofanana ndithu moti osayang'anitsitsa nambala mupusa. Palinso aja amatumiziridwa pulinta ndi achibale a ku UK, chimwemwe tsaya, inki ikatha ndi pamene amadziwa kuti makatiriji a HP amayendera chigawo cha dziko, DeskJet 2130 ya ku Ulaya imadya katiriji nambala 302 pamene ya kuno ku Africa imadya nambala 123, kuika ya kuno imakana. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kenako MiFi, karauta kakang'ono ka batire koyenda nako. Makomo ambiri tilibe rauta yokhazikika, tili ndi ka MiFi kamene bambo amakaponya m'thumba popita kuntchito, ndiye netiweki ya pakhomo yapita nawo limodzi, otsala asindikiza bwanji? Kenanso kamagona kokha kakakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito kuti kasunge batire. Inu mayi simunandiuze ngati yanu ndi rauta kapena MiFi koma ndikuganiza kuti mwina ndi MiFi.

Ine pano maganizo anga anauma ndithu, ngati m'nyumba muli kompyuta imodzi ndipo imakhala pa tebulo lomwelo ndi pulinta, gulani waya wa USB muiwale za WiFi. Waya sasintha nambala, safuna pasiwedi, alibe nazo ntchito kuti magetsi anazima kangati. Anthu amaona ngati waya ndi chimidzi, ayi ndithu, chimidzi ndi kuima pakati pausiku kukalipira makina. Mapulinta ambiri masiku ano amabwera opanda wayayo m'katoni, dala, koma m'mashopu a zamakompyuta amapezeka, ndi uja mutu wake umodzi uli ngati kabokosi. WiFi phindu lake limaoneka pokhapokha ngati anthu angapo akusindikiza kuchokera pa mafoni, monga kwathu kuno kumene ngakhale mwana wa aneba amabwera ndi CV yake pa WhatsApp.

Musatayenso nthawi ndi mavidiyo akale a pa YouTube okuuzani za Google Cloud Print, imeneyo inatsekedwa kumapeto kwa 2020. Posindikiza kuchokera pa foni, pa iPhone pali AirPrint yomwe ilimo kale, pa Android pali Mopria kapena app ya kampani ya pulintayo.

Tsono chitani izi mayi

Zimitsani zonse, muyatse rauta kaye payokha, ikakhazikika ndi pamene muyatse pulinta. Onetsetsani kuti pulinta ndi laputopu zili pa dzina limodzi la WiFi, osati ina pa Guest, netiweki ya alendo ija, poti kumeneko zipangizo nthawi zambiri sizionana. Ngati rauta ikuonetsa maina awiri, ikani pulinta pa la 2.4 GHz, mapulinta ambiri otsika mtengo 5 GHz saiona n'komwe. Rauta ikakhala ndi batani la WPS dinani limenelo kenako la WiFi pa pulinta pasanathe mphindi 2, zigwirizana zokha popanda pasiwedi. Mukatero sindikizani tsamba la network status pa pulinta pomwepo muone nambala yake yatsopano, pa laputopu chotsani pulinta yakaleyo muyiikenso ndi nambala imeneyi.

Kuti zisabwererenso lowani mu rauta, adiresi ndi pasiwedi yake zimalembedwa pa sitika kunsi kwake kapena mkati mochotsa batire, za Huawei zambiri ndi 192.168.8.1, mufufuze pa gawo lolembedwa DHCP, logawa manambala aja, pamene pali zosungira chipangizo nambala imodzi, muisungire pulintayo. Ma MiFi ena alibe zimenezi, apo nambalayo muilembe mu pulinta mwenimweni kuti ikhale static, musankhe yakutali ndi imene mafoni amapatsidwa.

Ngati MiFi imayenda ndi bambo, yatsani Wi-Fi Direct pa pulinta, ipanga netiweki yakeyake ya dzina loyamba ndi DIRECT, mulumikize foni kapena laputopu kumeneko, rauta siifunika. Zikakanikabe ndilembereninso ndi nambala ya modelo, ili pa sitika kumbuyo.