Wandifunsa za geni ya magalimoto akale a ku America

Mphwanga, uthenga wako ndauona. Ukuti watopa ndi kukoka ma Vitz ndi ma Sienta pa Dar es Salaam, waona Mustang ya 1967 pa intaneti, ndiye ukufuna ndikuuze mmene geni ya magalimoto akale a ku America imayendera ndi mpamba wofunika. Ndikuyankha chifukwa bambo ako anandisunga m'nyumba mwawo miyezi itatu nditangofika kuno ku Joni, ndilibe ngakhale bulangete. Ena akandifunsa zimenezi ndimangokhala chete, poti amangofuna nambala ya foni ya wogulitsa.

Munthu wogula Vitz amafuna imufikitse ku ntchito. Wogula Charger ya 1969 ali kale ndi magalimoto asanu pakhomo, ndipo Charger-yo adzaitulutsa Lamlungu lokha, kunja kukacha bwino. Ndalama zake amalipirira manambala odindidwa pa chitsulo, ndi mapepala otsimikiza kuti manambalawo anadindidwa ku fakitale. Magalimoto awiri akhoza kuima limodzi, penti yofanana, kulira kofanana, ina n'kukhala yokwera mtengo katatu kuposa inzake. Nyengo ya magalimoto amenewa inali yaifupi kwambiri. Pontiac anaika injini yaikulu ya 389 (nambalayi ndi kukula kwa injini) m'galimoto yapakatikati mu 1964 n'kuitcha GTO, anzawo onse n'kutsatira, ndipo pofika 1970 Chevrolet anali ndi Chevelle SS 454, Dodge ndi Plymouth ali ndi injini ya Hemi ya 426. Kenako inshuwalansi inakwera, malamulo a utsi anakhwima, mafuta anavuta mu 1973, moto wonse uja n'kuzima. N'chifukwa chake Plymouth Hemi 'Cuda ya 1971 yotsegula denga inagulidwa madola 3.5 miliyoni pa okushoni ya Mecum ku Seattle mu 2014. Usatengeke nazo, malonda athu ali pansi kwambiri pa zimenezo.

Galimoto ya ku Michigan, Ohio kapena New York usaigule usanagone pansi pake. Kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, ndipo dzimbiri limayambira m'kati. Pamwamba penti ikunyezimira, pansi chala chikulowa. Za ku Arizona, California ndi Texas ndiye timazilimbirana. Ine ndimayenda ndi kamaginito kokulunga m'kansalu m'thumba la malaya, ndikafika pagalimoto ndimakayendetsa m'mphepete mwa mawilo akumbuyo. Pamene sikakugwira, pamenepo amata fila. Amakaniko a ku Benoni amandidziwa ndi kamaginito kameneka, ena akangondiona ndikulowa pageti amayamba kuulula okha.

Koma maginito sanandipulumutse pa Chevelle.

Chinali chaka chimene mwana wanga woyamba ankalemba mayeso a fomu 4. Bwana wina wa migodi wa m'dziko loyandikana ndi kwathu anandiitanitsa, nati akufuna Chevelle SS 454 ya 1970, ya injini ya LS6, ya mahosipawa 450, yofiira ya mizere yakuda. Anandipatsa theka la ndalama pamanja. Nthawi imeneyo n'kuti nditabweretsa kale ma Mustang anayi ndi Camaro imodzi popanda vuto, ndipo ndinkadziona ngati palibe angandipusitse. Theka linalo ndinasonkhanitsa ndekha: mpamba wanga wonse, katapila, ndi nyumba yanga ya ku Machinjiri ndinaiika chikole. Mayi a kunyumba anandifunsa kawiri ngati galimotoyo ndaiona ndi maso. Ndinawayankha kuti zithunzi zilipo zokwana.

Zithunzi zinalipodi. Mzungu wogulitsayo ananditumizira chilichonse, mpaka pepala la ku fakitale lija limene ogwira ntchito ankalisiya pansi pa mpando wakumbuyo kapena pamwamba pa thanki ya mafuta, lachikasu, long'ambika m'mbali, looneka kuti lakhalitsa. Kumeneko kuli anthu amene ntchito yawo ndi kukayendera galimoto m'malo mwa wogula, ukawalipira madola mazana angapo. Ndinaona ngati n'kutaya ndalama. Ma LS6 amene Chevrolet anatulutsa chaka chimenecho anali 4,475 okha, ndipo amalonda a ku America amanena okha kuti lero alipo ambiri kuposa amene anatuluka mu fakitale. Mawu amenewa ndinali nditawamva kale. Ndinkadziwanso kuti nambala ya chasisi ya Chevelle ya 1970 siikuuza kuti iyi ndi SS. Imayamba ndi 13637, chimodzimodzi Chevelle wamba ya V8 yotchedwa Malibu imene agogo ena ankapitira kutchalitchi. Zonsezi ndinkazidziwa, ndalama n'kutumizabe.

Kontena inafika pa Durban bwinobwino. Titatsegula n'kuliza injini, anyamata onse a pamalopo anasiya ntchito. Kulira kwa 454 umakumva m'chifuwa. Tinaikweza pa keriya, ine kutsogolo limodzi ndi dalaivala, ulendo wa kumpoto.

Chipata chimene tinakodwa sindichitchula. Kamnyamata kena ka yunifolomu, kobadwa galimotoyo itatha kale zaka makumi awiri pamsewu, kanawerenga nambala ya chasisi ndi cholembera, kamodzikamodzi, n'kunena kuti ndi yabodza. Akuti ili ndi zilembo 13 pamene kompyuta ikufuna 17. Ndinakafotokozera modekha kuti za zilembo 17 zinayamba mu 1981, kuti galimoto ya 1970 singakhale nazo. Kanandiyang'ana ngati ndakatukwana. Kanaitana bwana wake, bwanayo anazungulira galimoto kawiri manja ali kumbuyo, nati mwina ndi yakuba, iyenera kufufuzidwa. Ndinadziwa chimene ankafuna. Akanena kuti "tiona mawa, bambo" uku akukuyang'ana m'thumba, ndiye kuti ya fanta. Ndinakana, chifukwa mapepala anga onse anali oyera, ndipo ndinkati chilungamo chindiyankhulira.

Dalaivala wa keriya anali ndi magalimoto ena asanu ndi awiri a eni ake. Tsiku lachitatu anaitsitsa Chevelle n'kupitirira. Inakhala pabwalo la kasitomu milungu isanu ndi iwiri, nthawi ya dzinja, mvula ikuithira usana ndi usiku, ndipo tsiku lililonse ankandiwerengera ndalama yosungira. Ine ndinkagona m'kachipinda ka malata kuseri kwa malo odyera a madalaivala a mathiraki, kudya kamodzi patsiku. M'mawa uliwonse ndinkapita pawaya kukaiona. Tsiku lina ndinapeza awiri a yunifolomu atakhala pa boneti akujambulana ndi foni, mabuti ali pa bampala. Tsiku lina chizindikiro cha SS chakutsogolo chinali chitazulidwa, patsala timabowo. Mapini a boneti anasowanso. Nditafunsa anandiuza kuti ndilembe kalata. Ndinalemba makalata atatu. Fayilo yanga inasowa kawiri, ndipo ulendo wachiwiri inapezeka pansi pa ketulo ya tiyi, ili ndi bwalo lofiirira pachikuto. Mpaka lero ndikaona munthu wa yunifolomu akunyambita chala kuti atsegule pepala, mtima umandiwira.

Nkhani ya chasisi itatha, poti ejenti wanga anachita kukatenga kalata ku likulu, anabwera ndi ina. Anakana mtengo wa pa invoisi. Mmodzi anatsegula intaneti, napeza LS6 imene inagulitsidwa pa okushoni ya Barrett-Jackson ku Scottsdale, nati dyute tiwerengera pamenepo. Ndinawauza kuti imeneyo ndi galimoto ina, ya mbiri ina. Anati mwanena nokha kuti yanu ndi LS6, mapepala anu akutero. Ndinaimbira wa katapila uja kachiwiri. Ndinalipira.

Titafika kwa bwana wa migodi, anali ataitanitsa mkulu wina wachizungu wochokera kuno, wa ndevu zoyera, amene moyo wake wonse wakhala akuphwasula injini za Chevrolet. Sanayang'ane penti n'komwe. Anatsegula boneti, natenga tochi ndi kansalu, nawerama kutsogolo kwa injini mbali ya kumanja, pamene pali kachitsulo kosalala kodindidwa manambala. Zilembo zinali zolondola, CRV, monga ziyenera kukhalira pa LS6 ya magiya anayi apamanja. Koma anakanda pamalopo ndi chikhadabo, nandiitana kuti ndione. Makina a ku fakitale amasiya timizere toongoka, toyenda kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Apa timizere tinali tozungulira. Munthu anapala manambala akale n'kudinda atsopano. Kenako analowetsa kagalasi kumbuyo kwa injini, pamene pamakhala tsiku limene chitsulocho chinaumbidwa. Injini inali yaing'ono kwa galimoto yake ndi zaka zitatu. Pepala lachikasu lija analinunkhiza, naliika pa tebulo osanena kanthu. Zonsezi sizinathe mphindi makumi awiri.

Miyendo inandithera mphamvu, ndinakhala pa tayala limene linali pafupi. Bwana uja sanakalipe. Anangoti, "Ndalama zanga ndizipeze pakutha pa mwezi." Wa ku America foni inali itasiya kulira, ndipo pepala logulitsirana linali lolembedwa kuti ndagula galimoto mmene ilili. Dyute imene ndinalipira pa mtengo wa LS6 yeniyeni palibe anandibwezera ngakhale tambala. Ndinapitako kawiri ndi lipoti la mkulu uja, anati nkhani inatsekedwa.

Ndinagulitsa ma minibasi awiri ndi puloti ya ku Lunzu. Nyumba inapulumuka chifukwa cha mayi a kunyumba, amene anakatenga ngongole ku banki m'khonde n'kuyamba kuphika mandasi usiku, osandinyoza ngakhale tsiku limodzi. Chevelle ndinaigulitsa patatha miyezi isanu ndi itatu kwa mlimi wina wa ku Free State, ndipo ndinamuuza poyera kuti iyi ndi Malibu yovekedwa za SS. Anandipatsa gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene ndinaonongapo. Ndikadanyenga wina monga anandinyengera ine, bwenzi nditabweza zonse, koma dzina langa pa geni imeneyi ndi limene likundidyetsa lero. Ngongole inatha patapita zaka zitatu.

Chichokereni pamenepo palibe anandigwiranso. Pontiac sindigula popanda mapepala a PHS, kampani yosunga marekodi a ku fakitale ya Pontiac. Ford ya 1967 kupita m'tsogolo, Marti Report kaye, lipoti lochokera m'marekodi a ku fakitale ya Ford. Dodge ndi Plymouth zili bwinoko poti chilembo chachisanu cha chasisi chimakuuza injini, pa za 1970 R ndi Hemi, koma nazonso amasintha timalata ta nambala ya chasisi. Ndipo title, imene ili ngati bulu buku yathu, uziyifunsa usanafunse mtengo. A kasitomu a ku America amafuna kuiona maola 72 galimoto isanakwere sitima, pamene zigawo zina sizipereka title pa magalimoto akale. Ku New York ya 1972 kupita m'mbuyo imangokhala ndi pepala la kalembera. Ukalowetsa kuno ku South Africa, chilolezo cha ITAC, bungwe la boma loona za katundu wolowa m'dziko, chizikhala m'manja kontena isananyamuke, ndipo chiwongolero cha kumanzere ndi mutu wina wopweteka polembetsa.

Anyamata inu mumathamangira ku America osadziwa kuti zina zili pompano. Ku Port Elizabeth ankamanga Ford Fairmont GT ya injini ya 351 kuchokera ku zipangizo za ku Australia, ndi Chevrolet SS imene ndi Holden Monaro yosinthidwa dzina, zonse chiwongolero kumanja. Anthu a ku Australia akhala akubwera kudzazigula kubwerera nazo kwawo. Fairmont GT yanga ndinaipeza m'khola la nkhosa ku Karoo, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo, ndipo ndinakhala masiku awiri ndikumwa khofi ndi mwini wake asanavomere n'komwe kutchula mtengo. Ndinaikonza ndekha zaka zinayi. Andipatsa mitengo katatu, ndakana katatu. Imeneyo idzatsalira mwana wanga wamkazi, amene amadziwa kuichuna kabureta kuposa amakaniko ambiri a m'tauni muno.

Za mpamba wandifunsazo, ndalama imene uli nayo uigawe pawiri, theka ndiye mtengo wa galimoto, theka linalo likhale pambali kudikira sitima, dyute ndi milungu ya pachipata. Nyumba usaikhudze.

Mustang yakoyo usatumize kalikonse, ngakhale dipoziti. Muuze akujambulire nambala ya chasisi yodindidwa pa chitsulo m'kati mwa boneti, pamodzi ndi kalata ka pachitseko, unditumizire. Ili ndi zilembo 11. Chachitatu ndi chachinayi zikakhala 02 ndiye fastback, ya denga lotsetsereka mpaka kumbuyo, yobadwa choncho, zikakhala 01 pamene pachithunzi ndi fastback, ndiye kuti anadula denga n'kuwotcherera lina. Chachisanu chikakhala T, inatuluka ndi injini ya masilinda sikisi, ngakhale lero muli V8 yonyezimira bwanji. Bambo ako uwapatse moni, uwauze kuti Disembala ndikubwera.