Kodi eriyo ya amateur ingagwire pa sikana?

Wowerenga wina wa ku Lumbadzi wanditumizira imelo. Malume ake anamusiyira eriyo ya Diamond X50 yomwe ankagwiritsa ntchito pa wailesi ya amateur (ya anthu olankhulana pa wailesi mongokonda), ndipo iye wagula kasikana (scanner, kawailesi kongomvera ma frequency osiyanasiyana) ka m'manja kuti azimvera ndege zotera pa bwalo la Kamuzu. Akufunsa ngati eriyoyo ingagwire momwe ililimu, kapena ayambe waidula kuti igwirizane ndi ma frequency a ndege.

Achimwene, chonde musaidule. X50 inapangidwira 144 MHz ndi 430 MHz, pomwe ndege zimalankhula pakati pa 118 ndi 137 MHz. N'zoona kuti sizikugwirizana ndendende. Koma nkhawa ya SWR (muyeso wa kusagwirizana kwa eriyo ndi wailesi) imene a amateur amakhala nayo ndi ya potumiza mawu, poti mphamvu yobwerera m'kebulo imatenthetsa transmitter. Sikana situmiza kanthu. Kusagwirizanako kumangofooketsa siginolo pang'ono, ndipo eriyo ya pa mlongoti imapambanabe kutalitali kaeriyo ka labala kobwera ndi sikanayo, chifukwa pa VHF, gulu la ma frequency lomwe ndege zimalankhulirapo, chachikulu ndi kukwera m'mwamba. Komanso X50 ndi yoimirira, monganso ma eriyo a ndege ndi a pansanja ya pabwalo. Ikanakhala waya wogona wa HF (ma frequency otsika kuposa a VHF) ndikanakuuzani zina.

Mukafuna eriyo ya ndege yeniyeni, pangani yanu. Gawani 71 ndi frequency ya mu MHz, mupeza kutalika kwa waya m'mamita. Pa 125 MHz ndi masentimita 57. Tengani soketi ya SO-239 (yolumikizirapo kebulo ya eriyo) ndi waya wa kopa wa magetsi a m'nyumba, musende pulasitiki. Waya mmodzi muwotcherere pakati aloze kumwamba, ena anayi muwamange m'timabowo ta m'makona ndi kuwapindira pansi madigiri 45. Polumikizapo mumate bwino kuti madzi asalowe. Ine kaeriyo kameneka ndimakakonda kwambiri, chifukwa pa ndege kamatha kuposa X50 yodulayo. Wofuna kumva paliponse, kuyambira 25 mpaka 1300 MHz, ndiye ayang'ane eriyo yotchedwa discone.

Pamene ambiri amatayira siginolo ndi pa kebulo. RG-58, yopyapyala ija, ikafika mamita 20 imadya mphamvu yoposa theka pa 430 MHz. Kebulo ya dishi ya TV, RG-6, imapezeka mosavuta ndipo imataya pang'ono. Ena adzakuuzani kuti ndi ya 75 ohm pomwe sikana ndi ya 50 ohm. Pongomvera, kusiyanako khutu silingakuzindikire. Kumapeto kwake ikani kakebulo kofewa kakafupi kokhala ndi cholumikizira cha BNC kapena SMA, malinga ndi sikana yanu. Kebulo yolimba ikamangidwa mwachindunji imagwedeza soketi mpaka kuithyola mkati.

Tsono pali vuto lina lomwe limadabwitsa anthu. Mwakweza eriyo yabwino, koma m'malo mwa woyendetsa ndege mukumva nyimbo kapena phokoso lokhalokha. Sikana sinawonongeke. Tisikana ta m'manja tinapangidwira eriyo yaing'ono, ndiye siginolo yamphamvu ya mawailesi a FM, a pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, imazinga tisikanato, pakuti ili pafupi kwambiri ndi ya ndege. Yambani mwayatsa ATT, yochepetsa mphamvu ya siginolo, pa sikanapo. Zikapitirira, gulani fyuluta yotsekereza FM n'kuiika pakati pa kebulo ndi sikana. Amplifaya musagule, imangokuza vutolo. Onetsetsaninso kuti pa sikanapo mwasankha AM, chifukwa pa FM mawu a ndege samveka bwino.

Ngati wailesi ya malume ilipo ndipo tsiku lina mudzatenga chiphaso ku MACRA kuti muzilankhulapo, musadzalumikize wailesiyo ndi sikana pa eriyo imodzi ndi cholumikizira cha T. Kungodina batani lolankhulira kamodzi, ngakhale pa mawati 5, sikana yapsa. Gwiritsani ntchito switchi ya coax (ya kebulo ya eriyo), kapena muzizula kebulo ndi manja.

Ndipo dzinja likafika, mitambo ikangoda, zulani kebuloyo musanamve bingu, muiike kutali ndi zipangizo. Mlongoti womwewo muulumikize ndi waya wokhuthala ku chitsulo chokhomedwa pansi.