Kwa namwino amene watopa: yambani mwadya, mugone

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, namwino pa chipatala china cha kumudzi. Dzina ndalisunga. Iwo akuti: "Usiku ndimakhala ndekha m'wodi, odwala ena atagona pansi. Mankhwala akatha ndimangowalembera kuti akagule okha, chonsecho ndikudziwa kuti ndalama alibe. Ndimapemphera, koma mtima wanga waferatu. Kodi chikhulupiriro changa chatha?"

Achemwali, sichinathe ayi. Mwatopa basi. Ife a kutchalitchi timakonda kusokoneza zinthu ziwirizi, n'kumuuza munthu amene walefuka kale kuti asale kudya masiku atatu.

Tsegulani 1 Mafumu 19. Eliya anali atangoona moto ukutsika kumwamba pa phiri la Karimeli, aneneri a Baala 450 atagwira njakata. Koma uthenga umodzi wokha wa Yezebeli unamuthawitsa mpaka ku Beereseba. Kumeneko anasiya mnyamata wake, n'kulowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku limodzi, nakhala pansi pa kamtengo kupempha imfa. Mneneri wathunthu!

Onani tsono zimene Mulungu anachita. Sanamukalipire, sanamufunse kuti chikhulupiriro chija chapita kuti. Anatuma mngelo ndi mkate wootcha ndi mtsuko wa madzi. Eliya anadya, n'kugonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri kumuuza kuti adye, poti ulendo ndi wautali. Zokambirana zinadza patapita masiku 40, ku Horebu. Uko n'kumene Eliya anadandaula kuti watsala yekha, ndipo anauzidwa kuti alipo ena 7,000 amene sanagwadire Baala. Anapatsidwanso Elisa woti aziyenda naye.

Ine ndinakhalapo gadiyani wa mayi anga milungu iwiri. Usiku wina magetsi atazima, ndinaona namwino ataluma foni kuti tochi iwalitse, manja ali kalikiliki kusaka mtsempha pa kadzanja ka mwana. Diripi italowa, anakhala pa benchi n'kudya nsima yozizira ya masana, osasamba n'komwe m'manja bwinobwino. Sindikudziwa ngati anapemphera usiku umenewo. Mwanayo anatuluka Lachisanu, akuyamwa.

Ndiye mukaweruka m'mawa, dyani, tsekani chitseko, mugone. Mapemphero a usiku wonse angakupiteni mwezi uno, Mulungu sakulembani jomba. Popemphera musakometse mawu, nenani momwe Eliya ananenera kuti zakukwanani. Pezaninso mnzanu mmodzi, kaya wa kuntchito kaya wa ku Mvano, woti muzimuuza zoona zake osati "tili bwino" wa masiku onse uja. Mutu umodzi susenza denga.

Chinthu chimodzi chandikhudza m'kalata yanu, mawu akuti "waferatu". Ngati papita milungu tulo osabwera, chakudya osalowa, kapena maganizo ofuna kufa akumakufikirani, kaonaneni ndi dokotala sabata yomwe ino, monga momwe inuyo mukanamuuzira wodwala wanu. Mundilemberenso mukapitako.