Kodi static relay imadziwa bwanji kuti pachitika shoti?

Funso: Ndimasamalira magetsi pa fakitale ina, ndipo m'bokosi la chitetezo muli ma relay awiri. Yakale ili ndi kambale kamene kamazungulira karenti ikachuluka, koma mu inayo, imene amaitcha static relay, simuoneka choyenda chilichonse. Kodi imadziwa bwanji kuti pavuta, nanga imafunikanso kuyesedwa?

Yankho: Dzinalo likunena zimene mwaonazo, kuti mbali imene imayeza magetsi ilibe chitsulo choyenda. Yakaleyo imadalira maginito amene amazunguza kambale ka aluminiyamu mpaka tizitsulo tiwiri titakhudzana, pamene static relay, imene inayamba kufala m'zaka za m'ma 1960, imagwira ntchito yomweyo ndi tizipangizo ting'onoting'ono ta magetsi tosayenda, monga ma diode, ma transistor ndi ma capacitor.

Karenti ya m'mawaya akuluakulu siifika pa relay mwachindunji. Imayamba yadutsa mu current transformer, imene imaichepetsa kufika pa ma amp (muyezo wa karenti) 1 kapena 5 mawayawo akasenza karenti yokwanira mlingo wake. Ikalowa mu relay imasandutsidwa voteji yaing'ono, ma diode amaiwongola kuti iziyenda mbali imodzi, kenako gawo lotchedwa comparator limaiyerekeza usana ndi usiku ndi mlingo umene munatchera. Ikangopitirira mlingowo, capacitor (kachipangizo kosunga magetsi) yowerengera nthawi imayamba kudzaza, ndipo pa relay zambiri karenti ikakula capacitor imadzaza msanga, n'chifukwa chake shoti yoopsa imadulidwa mofulumira kuposa karenti imene yangochuluka pang'ono. Ikadzaza, thyristor (swichi yopanda chitsulo choyenda) kapena ka relay kakang'ono kamalumikiza batire ku koyilo ya circuit breaker, swichi yaikulu yodula magetsi, breaker n'kutseguka. Dziwani kuti relay siidula magetsi yokha. Ntchito yake ndi kulamula breaker.

Ubwino wake ndi wakuti imakoka mphamvu yochepa ku current transformer, imayankha msanga, ndipo kugwedezeka kwa makina sikuisokoneza kwenikweni.

Za kuyesa, ndikupemphani kuti musadumphe, chifukwa relay yamtunduwu imakalamba mwakachetechete. Kambale kakale kakagwira fumbi mumaona ndi maso, koma capacitor ya mtundu wa electrolytic imauma pang'onopang'ono ndi kutentha, nyali yakutsogolo ikuyakabe ngati zonse zili bwino, mpaka tsiku la shoti relay n'kuchedwa kapena osayankha n'komwe. Mphezi ndi voteji yokwera mwadzidzidzi nazo zimapsereza ma transistor. Batire ya pamalopo, imene kawirikawiri imakhala ya 110 V, ikafooka, chitetezo chonse chimagona. Choncho mmisiri wodziwa azilowetsa karenti yoyesera mu relay ndi makina a secondary injection, ayeze nthawi imene yatenga, ndipo aonetsetse kuti breaker yatsegukadi.

Pochotsa relay, musasiye mawaya ochokera ku current transformer ali otseguka magetsi akuyenda. Yambani mwawalumikiza pamodzi, apo ayi pamabuka voteji yaikulu yokhoza kupha munthu.