Sobantu anali ndani? Yankho kwa m'bale wa ku Pietermaritzburg

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito ku Pietermaritzburg, m'dera la Natal ku South Africa. Akuti tsiku lililonse amakwera minibasi ya ku Sobantu, ndipo mnzawo wa kutchalitchi anawauza kuti dzinali ndi la bishopu amene anadulidwa mu mpingo. Ndiye akufunsa kuti, "Munthu woti mpingo unamudula, dzina lake likutani pa mudzi wathunthu?"

Achimwene, Sobantu ndi dzina limene Azulu anapatsa John William Colenso, ndipo limatanthauza tate wa anthu. Anabadwira ku Cornwall mu 1814. Asanakhale bishopu woyamba wa Anglican ku Natal mu 1853, ankadziwika ngati katswiri wa masamu, ndipo masamuwo ndiwo anadzamuika m'madzi otentha.

Nkhani inayambira pa tebulo lomasulira Baibulo ku mishoni yake ya Ekukhanyeni. Atafika pa chigumula cha Nowa, womuthandiza wake, William Ngidi, anamufunsa ngati iye mwini akukhulupiriradi kuti nyama zonse zinakwana m'chingalawa, pamodzi ndi chakudya chake. Wina akanangomukalipira. Colenso anaona kuti sanganamize munthu m'dzina la Mulungu, ndiye anatenga cholembera n'kuyamba kuwerengera. Amuna 600,000 a Israeli a nthawi ya Mose akanakwana bwanji pakhomo la chihema chopembedzeramo? Aroni ndi ana ake awiri akanatha bwanji nsembe za khamu lonselo? Mu 1862 anatulutsa buku lonena kuti mabuku asanu a Mose sangawerengedwe ngati mbiri yeniyeni mzere ndi mzere. Kunena zoona, masamu enawo anapyola nawo muyezo, koma funso la Ngidi analilemekeza.

Anali atakwiyitsa kale anzake pa nkhani ya mitala, poti ankakana zoti mwamuna wofuna ubatizo athamangitse akazi ake ndi ana. Bishopu Robert Gray wa ku Cape Town anamuchotsa pa udindo mu 1863. Khoti la Privy Council ku London linagamula mu 1865 kuti Gray analibe mphamvu zotero, koma Gray anamudulabe. Phokosoli ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe zinaitanitsa msonkhano woyamba wa Lambeth, wa mabishopu a Anglican, mu 1867.

Apa pali kathu kotikhudza Amalawife: Bishopu Charles Mackenzie uja wa ku Magomero anayamba wagwira ntchito pansi pa Colenso ku Natal.

Tsono za ulemu mukufunsazo. Azungu a ku Natal amene anamuikira kumbuyo pa mlandu wa mpingo anamufulatira pomwe anayamba kuteteza mfumu Langalibalele ya Ahlubi, imene boma la azungu linaizenga mlandu woukira mu 1874, ndipo Colenso anafika mpaka ku London chifukwa cha mlandu wa mfumuyo. Mu 1879 anadzudzula poyera nkhondo imene Britain inathira Azulu, ndipo sanatope kulankhulira mfumu yawo, Cetshwayo. Anamwalira mu June 1883 ali ndi abwenzi ochepa pakati pa azungu anzake, ndipo mwana wake Harriette anapitiriza kumenyera nkhondo banja lachifumu la Azulu.