Lager waukali amafuna chimera chambiri ndi malo ozizira

Bambo ena a ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, anditumizira imelo yofotokoza kuti mu Okutobala anafulula malita 20 a lager, nathiramo makilogalamu 2 a shuga kuti mowawo ukhale waukali, koma umene unatuluka unali wonunkha ngati penti ndipo unawadzutsa ndi mutu waukulu. Akufunsa ngati chimera chimene anagula chinali choipa.

Bambo, chimeracho sindikuchikayikira, koma mwezi umene munasankha. Yisiti wa lager amagwira bwino ntchito pa madigiri 8 mpaka 12, pamene mu Okutobala kuno ku Harare masana kumatentha kuyandikira madigiri 30, ndipo yisiti akatenthedwa chotero amathamanga n'kutulutsa mitundu ina ya alkoholo imene imabweretsa fungo munalimvalo. Ife amene tinakulira pafupi ndi migolo ya masese tinazolowera kuti mowa umapsa m'masiku ochepa pamalo ofunda, ndipo chizolowezi chimenechi ndicho chimatisocheretsa tikafika pa lager.

Shuga nayenso anawonjezera vuto, chifukwa amakweza ukali koma mowa umatsala wamadzimadzi. Doppelbock, lager waukali wa ku Munich ku Germany, amene anayamba ndi amonke a Paulaner, amafika maperesenti 7 kapena kupitirira popanda shuga ngakhale supuni imodzi. Pa malita 20 anuwo tengani makilogalamu 7 a chimera cha barele, chochuluka chikhale cha mtundu wa Munich, muchiviike m'madzi a madigiri 66 kwa ola limodzi, ndipo hydrometer, kachipangizo koyezera kulemera kwa madzi a chimerawo, isonyeze 1.072 kapena kuposerapo musanathire yisiti. Hops, maluwa owawitsa mowa, wa mtundu wa Hallertau akhale wochepa, wongoletsa kutsekemera.

Powiritsa madzi a chimerawo kumbukirani kuti Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, kotero kuti madzi amawira pa madigiri 95. Wiritsani mphindi 90, poto ali wosavundikira, kuti fungo lokhala ngati la chimanga chophika lituluke ndi nthunzi.

Pa yisiti ndi pamene ambiri amaumira, ndipo ndikumvetsa, popeza mtengo wake ndi wowawa. Komabe paketi imodzi ya magalamu 11.5 siingathe mowa wolemera chonchi m'malo ozizira. Thirani mapaketi atatu kapena anayi a yisiti wa lager wotchedwa W-34/70, ndipo madzi a chimerawo akhale atazizira kale kufika madigiri 10 ndiponso mutawakhutchumula kwambiri kuti mulowe mpweya. Ntchito ya yisiti ikatsala pang'ono kutha, patapita milungu iwiri kapena itatu, kwezani kutentha kufika madigiri 16 kwa masiku atatu kuti yisiti adye diacetyl, amene amanunkhitsa mowa ngati batala. Mukatero usungeni pa digiri 1 kapena 2 kwa milungu isanu ndi umodzi, ngakhale ine ndimadikira isanu ndi itatu.

Ndikudziwa kuti mufunsa za magetsi amene amazimazima. Firiji yakale yodzaza ndi mabotolo a madzi oundana imasunga kuzizira kwa maola ambiri ngati simukuitsegulatsegula, ndipo malita 20 sasintha msanga kutentha. Mukafulula kumayambiriro kwa Juni, pamene usiku kumazizira pansi pa madigiri 10, firijiyo sivutika kwambiri, ndipo botolo loyamba mudzalitsegula kumapeto kwa Ogasiti.