Sipika pa thabwa lopanda bokosi: yankho kwa achimwene a ku Chilobwe

Achimwene, mwafunsa ngati masabuwufa awiri a mainchi 12 amene munachotsa m'galimoto angalire bwino mukangowakhoma pa thabwa lopanda bokosi, zija amati open baffle, komanso ngati besi idzamveka pabalaza panu. Njirayo ndi yabwino ndipo ine ndimaikonda kwambiri, koma masipika muli nawowo si a ntchito imeneyi. Musanapite kwa kalipentala tamvani kaye.

Koni ya sipika, mbale ija imanjenjemera potulutsa mawu, ikamapita kutsogolo imakankha mpweya, kumbuyo kwake n'kusiya mpata. Bokosi limatsekera zakumbuyozo. Mukalichotsa, mpweya wakutsogolo umazungulira m'mphepete mwa thabwa kukadzaza mpata uja, ndiye ziwirizo zimafafanizana. Zili ngati kukupiza moto ndi chivundikiro cha poto: mukachiyendetsa pang'onopang'ono mpweya umangolambalala m'mbali. Mawu apamwamba savutika chifukwa funde lake ndi lalifupi. Besi ndiyo imaluza. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, choncho funde la besi la 50 Hz (kunjenjemera ka 50 pa sekondi) ndi lotalika pafupifupi mamita 7, thabwa la theka la mita silingalitchinge. Pa thabwa lotere besi imayamba kuchepa cha m'ma 200 Hz, ndipo mukatsika kufika pa theka la nambalayo mwataya 6 dB (dB ndi muyeso wa kufuula kwa mawu), mukatsikanso theka mwataya ina 6 dB.

Ndiye nkhani yonse yagona pa kusankha wufa, sipika yayikulu ya besi. Pa pepala la sipika pamakhala nambala yotchedwa Qts, yosonyeza mmene koni imanjenjemerera momasuka pa mawu apansi. Sipika ya m'bokosi nthawi zambiri imakhala ndi Qts yapakati pa 0.3 ndi 0.5, koni yolemera, ndipo imadalira mpweya wa m'bokosimo. Ya pa thabwa imafuna Qts ya 0.7 kupita m'mwamba, ngakhale kupitirira 1, chifukwa yotere payokha imakweza besi pamalo pomwe thabwa likuidya. Ichi n'chifukwa chake wufa yotchedwa Eminence Alpha 15A, ya mainchi 15 ndi Qts ya pafupifupi 1.2, inatchuka pa ntchitoyi, makamaka katswiri wa masipika Martin King atailumikiza ndi kasipika kakang'ono ka kampani ya Fostex. Kuno simuyenera kuitanitsa kunja. Yendani m'mashopu a zamagetsi ku Limbe, funani mawufa a mainchi 15 a koni yapepala, aja a zokuzira mawu m'tchalitchi, ndipo sankhani a maginito aang'ono. Wogulitsa adzakulozerani a maginito aakulu kuti ndiwo amphamvu. Pa bokosi akunena zoona, koma pa thabwa maginito aang'ono pa koni yayikulu ndiwo kawirikawiri amapereka Qts yokwera.

Thabwa likhale plywood kapena blockboard ya mamilimita 18, mukaphatikiza awiri ndi guluu ndiye bwino zedi chifukwa silinjenjemera. MDF, thabwa la utuchi wopanikiza, imagwira ntchito koma imafufuma ikamwa madzi, ndipo pansi pa simenti timakolopa tsiku ndi tsiku, choncho muyiikire timiyendo ta labala. M'lifupi masentimita 45 mpaka 50, m'litali pafupifupi mita. Wufa ikhale pansi penipeni, simentiyo imathandiza besi. Sipika yachiwiri, ya mawu apakati ndi apamwamba, ikhale molingana ndi makutu anu mutakhala pa sofa, ndipo musayiike pakatikati pa thabwa, ipatukeko pang'ono mbali imodzi. Mukafuna besi yowonjezera, khomani timatabwa m'mbali mwa wufa toloza kumbuyo, koma tisapitirire masentimita 20. Tikatalika mawu amayamba kulira ngati akuchokera m'paipi. Phazi likhale lolemera, maginito amakokera kumbuyo, ndipo ngati m'nyumba muli ana tchingani kumbuyoko ndi nsalu yopyapyala kapena waya wa sefa.

Pogawa mawu pakati pa masipika awiriwa, ngati masipika onse ndi a 8 ohm, yambani ndi koyilo ya 5 mH pa wufa ndi kapasita ya 80 µF pa sipika yapamwamba, zidzakumana cha pa 250 Hz. Wufa ikhale yofuula kuposa inzakeyo, chifukwa thabwa liichepetsa mphamvu. Mawaya a + ndi - musangoganizira, gunditsani batire la 1.5 V muone kuti makoni onse akutuluka kutsogolo. Ndipo chonde musapotokole batani la besi mpaka kumapeto. Popanda bokosi palibe chogwira koni, imavina kwambiri pa mawu apansi ndipo ikhoza kung'ambika ampu isanatope n'komwe.

Chimene chingakulepheretseni ndi malo. Masipikawa amafuna mpata wa mita imodzi kapena kuposa kuchokera ku khoma lakumbuyo. Mukawagunditsa khoma ukoma wonse watha. M'mbali mokha ndi momwe mungayandikize, poti kumeneko mawu amafafanizana. Apa ndi pomwe ndimawakondera m'nyumba zathu za njerwa ndi simenti zomwe zimabweza mawu: pa kufuula kofanana kutsogolo, amamwaza mphamvu yochepa ndi pafupifupi 4.8 dB m'chipinda chonse poyerekeza ndi masipika a m'bokosi, ndiye besi simangoti ndii m'makona. Gitala ya besi mumaimva chingwe chilichonse, mawu a kwaya amatambasuka. Si zachilendo ayi, Gilbert Briggs wa kampani ya masipika ya Wharfedale anatulutsa SFB/3 mu 1956, thabwa lothiridwa mchenga m'kati, ndipo katswiri wina, Siegfried Linkwitz, anapanga masipika otchedwa Orion mu 2002 ndi LX521 mu 2012, ngakhale zakezo zimafuna maampu angapo.

Ngati mukufuna besi yogunda pachifuwa ya Amapiano kapena ya pa chinkhoswe, open baffle sidzakukhutiritsani. Masabuwufa anuwo musagulitse, imodzi muipangire bokosi lotseka izigwira kuyambira 60 Hz kutsika pansi. Yesani kaye mbali imodzi pa thabwa lotchipa musanagule plywood, ndipo mutiuze kukula kwa pabalaza panu kuti tione ngati mita ija ipezeka.